Impso kusiya kugwira ntchito chifukwa cha sepsis mwa mayi wobereka kudzera mu opaleshoni: lipoti la ku ICU

Lipotili ndi la mayi wa zaka 29 amene tinamusamalira mu ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya) ya chipatala chathu chachikulu impso zake zitasiya kugwira ntchito chifukwa cha sepsis (matenda oopsa a thupi lonse obwera ndi tizilombo) yochokera m'chiberekero. Dzina lake, kwawo ndi chipatala chimene anachokera sindizitchula. Ndalilemba poganizira anzanga a m'zipatala za maboma, ma clinical officer, anamwino ndi madokotala ongoyamba kumene ntchito, chifukwa vuto la impso za mayiyu linayamba masiku angapo asanafike pafupi ndi makina a dialysis, osefa magazi m'malo mwa impso.

Mbiri ya wodwala

Iyi inali mimba yake yachitatu. Ali ndi HIV ndipo wakhala akumwa ma ARV a 13A, omwe muli tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, pamodzi ndi cotrimoxazole tsiku lililonse. Buku lake la kuchipatala linkaonetsa kuti kusikelo BP inali bwino nthawi zonse, ndipo viral load yomaliza inali yosaoneka. Creatinine, yomwe imakwera m'magazi impso zikafooka, sanayezedwepo.

Matenda atayamba anachedwa kufika kuchipatala, nsupa itasweka kale dzulo lake, ndipo mwana anakanirira panjira. Anamuchita opaleshoni pa chipatala cha boma, mwana anabadwa wamoyo, ndipo tsiku lachitatu anatulutsidwa. Tsiku lachisanu anabwerera thupi likutentha, m'mimba mukupweteka, kumaliseche kukutuluka zonunkha. Anamuyamba benzylpenicillin, gentamicin ndi metronidazole, ndipo pa ululu ankamubaya diclofenac kawiri patsiku. Tsiku lotsatira anasintha n'kumuyika pa ceftriaxone, koma gentamicin anapitirira. Labu ya kumeneko inalibe mankhwala oyezera impso, katheta sanamuyike, ndipo palibe paliponse pamene panalembedwa kuchuluka kwa mkodzo. Amayi ake, omwe ankamudikirira, anatiuza pambuyo pake kuti kwa masiku awiri mwana wawo sanapempheko beseni koposa kamodzi patsiku, ndipo mkodzo wake unali wochepa ndi woderapo. Palibe amene anawafunsa zimenezi. Tsiku lachisanu ndi chitatu BP itagwa anamupatsa malita 3 a normal saline n'kumutumiza kwa ife.

Zimene tinapeza

Anafika akubwebweta, osazindikira malo. Thupi linali pa 39.2, mtima ukugunda ka 132 pa mphindi, akupuma ka 32, oxygen 91 peresenti, BP 78/42, kutanthauza MAP (BP yapakatikati) ya 54. Mimba inali yotupa ndi yolimba, bala likuchucha mafinya. Titayika katheta munatuluka 40 mL yokha. Kulemera kwake tinayerekeza makilogalamu 55.

Zotsatira za labu zinali izi: Hb 7.8, maselo oyera 21, ma platelet 88, lactate 4.6, potassium 5.1, urea 18, creatinine 196 µmol/L. Malungo analibe.

Nambala ya 196 ikhoza kumupusitsa munthu. Amene anazolowera kuona odwala impso obwera ndi creatinine ya 800 kapena 1,000 angaione ngati yaing'ono. Koma mayi woonda amene wangobereka kumene creatinine yake imakhala yotsika, chifukwa pa nthawi ya mimba impso zimasefa magazi ambiri kuposa nthawi zonse. Tinayerekeza kuti yake inali pafupifupi 60. Malinga ndi muyezo wa KDIGO (bungwe lopereka malangizo pa matenda a impso) wa 2012, creatinine ikakwera katatu kuchokera pamene imakhala, impso zavulala pa siteji 3, yomwe ndi yomaliza. Kuwonjezera apo, malita a madzi omwe anali atalandira anali atasungunula magazi, motero nambala yeniyeni inali yoposa imeneyi. Tinamutenga ngati wa siteji 3 kuyambira ola loyamba.

Mayi wobereka kumene amene impso zaima ndipo ma platelet atsika safunika kumuthamangira kunena kuti ndi sepsis basi. Tinaganizira HELLP, vuto la mimba lomwe nthawi zambiri limayendera limodzi ndi BP yokwera, n'kuvulaza chiwindi ndi kutsitsa ma platelet, koma BP yake ya kusikelo inali yabwino ndipo chiwindi chinangokhudzidwa pang'ono. Tinaganizira kutaya magazi ambiri pobereka, koma kalata yomutumizira sinaonetse zimenezo. Chimene ndinkaopa kwambiri chinali chakuti mwina njira za mkodzo zinamangidwa kapena kudulidwa pa opaleshoni yoyamba, chifukwa vuto limenelo silimva mankhwala, limafuna mpeni. Sikani ya pabedi inaonetsa impso za msinkhu wabwino, zosatupa ndi mkodzo wobwerera, koma m'mimba munali madzi ambiri okhala ngati mafinya.

Maola asanu ndi limodzi oyamba

Tinatenga magazi a culture (ofufuzira mtundu wa tizilombo) tisanabaye mankhwala, kenako tinamupatsa meropenem 1 g ola loyamba lisanathe. Meropenem sitiipereka chisawawa, ndi yochepa ndipo tiyenera kuiteteza. Koma mayiyu anali atalandira kale ceftriaxone masiku awiri akungoipiraipira. Kafukufuku wa magazi a odwala ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, yemwe anasindikizidwa mu 2017, anaonetsa kuti pofika 2016 pafupifupi 90 peresenti ya Klebsiella ndi 30 peresenti ya E. coli zinali za mtundu wa ESBL, zomwe ceftriaxone siipha. Amikacin ikanatha kugwira, koma ndi m'bale wake wa gentamicin, ndipo impso zinali zitalandira kale chipongwe chokwanira. Mlingo woyamba tinapereka wathunthu. Ndimaona kawirikawiri anzathu akudula mlingo wa antibiotic tsiku loyamba poopa impso, pamene chimene chikuwononga impsozo ndi tizilombo tomwe akutichepetsera mankhwalato. Kuchepetsa mlingo tinayamba patapita maola 48.

Madzi tinapereka Ringer's lactate, 500 mL nthawi imodzi, n'kumayang'ana BP, kugunda kwa mtima ndi mapapo tisanawonjezere ina. Titafika 1,500 mL MAP inali ikadali 58. Sitinadikire kuyika kachubu mu mtsempha waukulu wa pakhosi. Tinayamba noradrenaline, mankhwala okweza BP, kudzera pa kanyula yaikulu ya pamkono, namwino akuyang'ana malowo pafupipafupi, mpaka MAP inafika 65.

Madokotala a amayi anamulowetsa m'thiyeta patatha maola 6 chifikireni. Panali maganizo akuti tidikire kaye akhazikike, koma munthu amene ali ndi mafinya m'mimba sangakhazikike mafinyawo ali momwemo. Anapeza mafinya okwana pafupifupi 800 mL, ndipo pamene anasoka chiberekero panali patawola n'kutseguka. Chiberekero chinachotsedwa mwamuna wake atavomera, njira zonse ziwiri za mkodzo zinaonedwa kuti zili bwino, ndipo analandira mapaketi awiri a magazi. Anabwera ku ICU ali pa makina opumira.

Mankhwala amene tinachotsa

Usiku womwewo tinakhala pansi ndi tchati cha mankhwala n'kuchiwerenga mzere ndi mzere. Gentamicin ndi diclofenac zinali zitaimitsidwa kale. Diclofenac imatseka ma prostaglandin omwe amatsegula mitsempha yolowetsa magazi mu impso pamene BP yatsika, ndipo gentamicin imaunjikana m'timachubu ta impso n'kutiwononga. Chilichonse pachokha mayi wathanzi akhoza kuchipirira, koma ziwirizi pamodzi, mwa munthu wa sepsis amene sakumwa madzi, ndi zoopsa kwambiri.

Tenofovir, yomwe nayonso imatha kuvulaza impso, tinaichotsanso, titayamba tayeza hepatitis B n'kupeza kuti alibe, chifukwa kuimitsa tenofovir mwa munthu wa hepatitis B kukhoza kudzutsa matenda a chiwindi. Tinamusamutsira ku abacavir, lamivudine ndi dolutegravir. Cotrimoxazole tinaimika kaye popeza imakweza potassium. Pa ululu tinapewa morphine wambiri, yemwe zotsalira zake zimaunjikana impso zikaima, ndipo tinadalira paracetamol ndi fentanyl.

Mtsutso wa madzi

Tilibe matumba a mkodzo okhala ndi muyezo wa ola ndi ola. Anamwino athu amakhuthulira mkodzo m'kambale n'kuukoka ndi syringe ya 50 mL, ola lililonse, usiku ndi usana, n'kulemba. Kwa mayi wa makilogalamu 55 tinkafuna 28 mL pa ola. Tsiku loyamba mu ICU unkatuluka 10 mL, tsiku lachiwiri 5 mL, maola ena osafika n'komwe pa mzere woyamba wa syringe.

Usiku wa tsiku lachiwiri panabuka funso lomwe limabuka pa wodwala aliyense wotere: mkodzo palibe, kodi tisawonjezere madzi? Maganizo amenewa ali ndi maziko, chifukwa tonse tinaphunzira kuti impso zimaima magazi akachepa, ndipo pa munthu wa kolera kapena wotaya magazi zimenezi n'zoona. Pa sepsis nkhani ndi ina. Magazi opita ku impso nthawi zambiri amakhala okwanira kapena ochuluka, koma timitsempha ting'onoting'ono ta m'kati mwake timayenda mosalongosoka, tina tatsekeka, tina tikudutsitsa magazi osasefa. Maselo a timachubu ta impso, akakumana ndi poizoni wa tizilombo ndi kutupa kwa thupi lonse, amachepetsa ntchito kuti asafe. N'chifukwa chake impso za anthu omwalira ndi sepsis zikaunikidwa sizipezeka zitaonongeka kwambiri ngati mmene creatinine inkaonetsera, ndipo n'chifukwa chake ambiri opulumuka impso zawo zimabwerera. Madzi owonjezera sakonza zimenezi. Impso ili m'kathumba kosatamuka, ndiye ikatupa ndiponso mitsempha yotulutsa magazi ikadzaza, kusefa kumachepa. M'mimba mwa munthu wongochitidwa opaleshoni mukatupanso, impso zimapanikizika kawiri.

Tinawerengetsa madzi onse kuyambira ku chipatala cha boma n'kupeza kuti olowa anaposa otuluka ndi malita oposa 5. Miyendo ndi msana zinali zitatupa, maso atatukuka. Titakweza miyendo yake m'mwamba kuti tione ngati madzi ena angathandize, BP sinasinthe. Pa sikani mtsempha waukulu wa m'mimba unali wodzaza, wosaphwa popuma, ndipo mapapo onse awiri ankaonetsa madzi. Oxygen yomwe ankafuna inali itakwera kuchoka pa 40 kufika pa 55 peresenti. Tinagwirizana kuti asalandirenso madzi ena kupatula a mankhwala ndi chakudya cha pachubu, ndipo tinalemba zimenezi ndi zilembo zikuluzikulu pamwamba pa tchati kuti wobwera m'mawa asayambirenso.

Pankhaniyi ife a kuno tili ndi umboni wapafupi. Ku University Teaching Hospital ku Lusaka, kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2017 anatsata akuluakulu 209 a sepsis ndi BP yotsika, ambiri a iwo ali ndi HIV. Mwa amene anapatsidwa madzi ambiri mofulumira motsatira ndondomeko, 48 peresenti anamwalira m'chipatala, pamene mwa amene anasamalidwa mwachizolowezi anamwalira 33 peresenti. Ambiri mwa odwala amenewo analibe mwayi wa makina opumira. Wathuyu anali nawo, koma wodwala wa pa wodi ya boma alibe, ndipo lita yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi ikhoza kumumiza. Sindikunena kuti timane odwala madzi. Malita oyamba aja anafunika. Ndikunena kuti thumba lililonse lotsatira liyenera kukhala ndi chifukwa chooneka pa wodwalayo, ndipo kuchepa kwa mkodzo pakokha si chifukwa chokwanira.

M'malo mwake tinamuyesa ndi furosemide (mankhwala okodzetsa) 60 mg kamodzi, pafupifupi 1 mg pa kilogalamu. Mkodzo ukapanda kufika 200 mL m'maola awiri, ndiye kuti timachubu tavulala kwambiri ndipo vutoli lipitirira. Unatuluka 70 mL. Sitinabwerezenso, chifukwa furosemide sichiritsa impso. Phindu lake linali lakuti m'mawa mwake tinadziwitsa a ku dialysis, tinayeza hepatitis C, ndipo tinafunafuna katheta ya dialysis isanafunike.

Nthawi yoyambira dialysis

Creatinine inakwera kufika 310, kenako 455. Ena ankafuna tiyambe dialysis pomwepo. Tinadikira dala. Kafukufuku wa IDEAL-ICU wa ku France wa 2018, yemwe anali wa odwala septic shock okhaokha, ndi wa STARRT-AKI wa 2020, onse anapeza kuti kuthamangira dialysis chifukwa cha siteji yokha sikuchepetsa imfa, ndipo ena mwa odikiridwa impso zimabwerera okha. Kwa ife palinso china: makina ndi ochepa, ndipo ola lililonse limene wodwala wa ICU ali pa makina ndi ola lomwe wodwala impso wa nthawi zonse wasunthidwa. Koma kudikira kumafuna maso. Tinkayeza potassium kawiri patsiku ndipo tinagwirizana pasadakhale malire ake: potassium yoposa 6.5 kapena yosintha ECG, pH yotsika pansi pa 7.15, kapena madzi m'mapapo olepheretsa kupuma.

Tsiku lachitatu madzulo zonse zitatu zinabwera pamodzi. Potassium inali 6.9, ma T wave atasongoka, pH 7.14, oxygen pa 70 peresenti, creatinine 590, urea 38. Tinabaya calcium gluconate kuteteza mtima, insulin mayuniti 10 ndi 50 mL ya dextrose 50 peresenti, ndi salbutamol. Apa ndichenjeze: impso zikaima insulin imakhalitsa m'thupi. Shuga wake anatsika kufika 3.1 pa ola lachitatu, ndipo anagwidwa chifukwa namwino ankayeza ola lililonse. Munthu amene wagonekedwa pa makina sangakuuzeni kuti akunjenjemera.

Makina osefa magazi mosalekeza usana ndi usiku tilibe, choncho tinagwiritsa ntchito makina wamba koma mwapang'onopang'ono. Katheta tinayika pakhosi kumanja. Mtsempha wa pansi pa fupa la phewa timaupewa chifukwa ukachepa umadzavuta ngati munthuyo adzafune fistula, njira ya pamkono yochitira dialysis yokhalitsa. Magazi ankayenda 150 mL pa mphindi, madzi a makina tinawaziziritsa pang'ono kuti BP isagwe, heparin, yoletsa magazi kuundana, sitinayike chifukwa cha bala latsopano ndi ma platelet otsika, ndipo ulendo woyamba unali wa maola awiri okha kuopa kutsitsa urea mwadzidzidzi n'kutupitsa ubongo. Tinachotsa lita imodzi. Noradrenaline tinaikweza pang'ono pakati, koma anapirira. Potassium inatsika kufika 4.8. Meropenem tinkaonetsetsa kuti ikuperekedwa dialysis ikatha, kuti makina asaitsuke.

Tsiku lomwelo culture inatuluka: Klebsiella pneumoniae ya ESBL, yosamva ceftriaxone ndi gentamicin, yomva meropenem ndi amikacin. Ndiye kuti gentamicin ya masiku atatu ija inavulaza impso popanda kupha kachilombo n'kamodzi komwe.

Amayi ake atamva za makinawo anandiimitsa pakhomo la ICU. "Adokotala, ndiuzeni zoona, mwana wangayu ndiye kuti moyo wake wonse azikhala pa makina amenewa?" Ndinawayankha kuti, "Mayi, sindingakulonjezeni, koma impso za mwana wanu zinali zabwino asanadwale, ndipo ambiri otere zimadzukanso pakapita milungu ingapo. Makinawa akungomugwirira ntchito podikira." Kufotokoza kumeneku n'kofunika, chifukwa mabanja ambiri amadziwa dialysis ya anthu omwe impso zinaferatu, ndipo ena amafuna kutenga wodwala wawo kupita naye kumudzi akangomva dzinalo.

Mmene zinathera

Noradrenaline inachoka tsiku lachisanu, ndipo tsiku lachisanu ndi chiwiri, madzi atachepa m'thupi, tinamuchotsa pa makina opumira. Analandira dialysis kasanu m'masiku 11. Atayamba kudya tinaletsa nthochi, mapeyala, mbatata ndi tomato wambiri chifukwa cha potassium, ndipo thobwa lomwe achibale ankabweretsa tinkaliyeza n'kulilemba pa tchati ngati madzi ena onse.

Tsiku la 12 mkodzo unafika 400 mL patsiku, tsiku la 14 unali 1,200 mL, ndipo creatinine inayamba kutsika yokha pakati pa maulendo a dialysis. Katheta ya pakhosi tinaichotsa titangotsimikiza kuti sifunikanso, chifukwa tsiku lililonse imene ili m'thupi ndi khomo la sepsis yachiwiri. Kenako inabwera nyengo imene ambiri amaiwala kuti ndi yoopsa. Mkodzo unafika malita 3.8 patsiku, popeza kusefa kumabwerera msanga timachubu tisanathe kubweza madzi ndi mchere. Potassium inatsika kufika 2.9 ndipo BP inayamba kugwa akaimirira. Munthu yemwe sabata yapitayo tinkamumana madzi tsopano tinkamukakamiza kumwa, tikumuwonjezera potassium, ndipo nthochi zija tinazibweza. Amayi ake anadabwa, ndipo tinayenera kukhala nawo pansi kuwafotokozera kuti malangizo asintha chifukwa impso zasintha. Wodwala akasamutsidwira ku wodi pa nyengo imeneyi osalemba bwino kalata, akhoza kuuma m'thupi impso n'kuvulalanso.

Za chiberekero anauzidwa ndi dokotala wa amayi pamodzi ndi namwino wamkulu, mwamuna wake ali pomwepo, atayamba kuzindikira bwino. Analira kwambiri ndipo kwa masiku angapo sankafuna kulankhula. Mkaka unali utachepa, koma anamwino ankamuthandiza kufinya, ndipo mwana atabweretsedwa anayambanso kuyamwa pang'onopang'ono.

Anatuluka tsiku la 26, creatinine ili 142. M'buku lake tinalemba patsamba loyamba kuti impso zake zinavulalapo pa siteji 3, kuti asapatsidwe gentamicin, diclofenac, brufen kapena indocid, ndiponso kuti asabwezeredwe pa tenofovir. Tinamuuzanso pamaso pa amayi ake za mankhwala a ululu ogula pagolosale ndi mankhwala azitsamba, chifukwa n'kumene ambiri amathamangira bala likamapweteka.

Patatha miyezi itatu, monga mmene KDIGO imalangizira, tinamuonanso. Creatinine inali 104, eGFR (muyezo wa mmene impso zikusefera) pafupifupi 64, mkodzo uli ndi puloteni pang'ono, BP 138/88. Dolutegravir imakweza creatinine pang'ono popanda kuvulaza impso, koma siingafotokoze kusiyana konse pakati pa 60 ndi 104. Impso zake zabwerera, koma sizinafike pamene zinali, ndipo munthu wotere amakhala pachiopsezo cha matenda a impso okhalitsa ndi BP m'zaka zikubwerazi. Kwawo n'kutali ndipo ndalama zoyendera n'zovuta, choncho tinagwirizana ndi a kiliniki ya ma ARV ya m'boma lake kuti azimuyeza BP ndi puloteni ya mu mkodzo akamabwera kudzatenga mankhwala, ndipo creatinine azimuyeza miyezi 6 iliyonse, magaziwo akutumizidwa kwa ife ngati labu yawo ilibe mankhwala oyezera. Cotrimoxazole anayambiranso potassium itakhazikika, ndipo ngati puloteni ipitirira tidzamuyamba enalapril, mankhwala a BP otetezanso impso.